Nambala ya Malemu Lazaro

Abale ndi alongo amene muli ndi timashopu ndi timaofesi muno m'tauni, ndakupatsani moni nonse. Atcheya andipempha kuti ndilankhule za kuteteza makompyuta pa bizinesi, ndipo andinong'oneza pakhomo paja kuti ndisatalike komanso ndisatchule za ndende. Pepani atcheya, za ndende ndizitchula, chifukwa popanda zimenezo palibe chimene ndingakuphunzitseni.

Ndine Esinati, wa ku Nakoli. Makolo anga anachokera ku Petauke, koma ine mchombo wanga unagwera muno m'Kabwe. Ena mumandidziwa kuti Mai wa makalata. Ena munandipatsa dzina lina chaka chija, loti Mai Chigulitsantchito, ndipo ndikukuonani, mwakhala kumbuyo uko mukuyang'ana nsapato zanu. Khalani momasuka. Sindinabwere kudzapepesa, ndabwera kudzanena zimene zinachitika.

Ndinagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya mgodi zaka zambiri. Amuna anga, a Lazaro, anali a pansi, obowola mwala. Mgodi utatsekedwa tinatuluka pageti tsiku limodzi, iwo atanyamula chipewa chawo, ine kapu yanga ya tiyi. Sanakhalitse, chifuwa chinawatenga. Ndinatsala ndi ana atatu ndi zala khumi zodziwa kutayipa. Ndinayamba ndi makina akale otayipira pakhonde la sitolo ina, ndipo patapita zaka ndinachita lendi kachipinda, ndinagula makompyuta awiri ogwiritsidwapo kale ndi pulinta, n'kukokera intaneti pa waya wa foni.

Inali nthawi ija boma linkagulitsa makampani, migodi ya ku Kopabeti n'kukhala ndi eni atsopano. Mphekesera za ntchito zinali ponseponse. Amuna amene anazolowera kudzutsidwa ndi kulira kwa hutala ya mgodi, tsopano akungokhala pansi pa mitengo, anayamba kubwera kwa ine ndi mapepala awo okulunga m'pulasitiki: reji, chomwe ndi chiphaso cha boma, masatifiketi, kalata yowachotsera ntchito. Ndinkawalembera makalata ofunsira ntchito n'kuwatumiza pa imelo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi imelo yakeyake. Onse ankagwiritsa ntchito ya pashopu, ndipo mayankho awo onse ankagwera m'bokosi limodzi lomwelo. Yankho likafika ndinkalisindikiza n'kutuma mawu pa minibasi kuti Ba uje abwere. Ndinali positi ofesi ya amuna onsewo, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Bokosi la imelo limatsegulidwa ndi mawu achinsinsi, pasiwedi. Yanga ndinaisankha ndi mtima wa mkazi wamasiye, ndipo sindinauzepo munthu aliyense. Ndinkaganiza kuti chinthu ukapanda kuchitchula pakamwa ndiye kuti chabisika.

Panali Ba Daka, mnzawo wa amuna anga, wa kwathu ku Petauke komweko. Anali shifiti bosi wawo ku mgodi, ndipo pamaliro ananyamula nawo bokosi. Ana anga ankawaitana kuti atate aakulu, ine ndinkati mulamu. Anali mu komiti ya anthu ochotsedwa ntchito, choncho Lachinayi lililonse ankakwera basi kupita ku Lusaka, ati kukalondola za penshoni. Masiku enawa ankakhala pabenchi mushopu mwanga n'kumafunsa kuti ndani watumiza kalata ndipo watumiza kuti. Ine ndinkawayankha zonse, uku ndikuwathirira tiyi.

Kenaka makalata a ntchito anayamba kufika, ambiri nthawi imodzi. Kalata iliyonse inali ndi dzina la mwini wake, nambala ya reji yake ndi ntchito yeniyeni imene anafunsira. Inkati mwatengedwa, pitani ku Kapiri tsiku lakuti, mukakumane ndi nthumwi ya kampani pa siteshoni ya basi, mutenge ndalama ya kuchipatala ndi ya zovala za ntchito. Ndinawasindikiza ndekha, ndinawapereka ndi manja awa, ndinaimba nthungululu pakhomo la shopu. Amuna anagulitsa njinga ndi mawailesi, wina anazula malata a denga lake. Ku Kapiri anapezadi munthu wovala tayi. Analandira ndalama zija n'kuwauza kuti adikire basi ya kampani. Anaidikira masiku awiri.

Pobwerera sanapite kunyumba zawo, analunjika kushopu kwanga. Anaswa windo, wina anandilavulira kumaso. Apolisi atabwera ndinawatsegulira imelo ndekha, ndili ndi chikhulupiriro kuti inditsuka. M'malo mwake anapezamo mauthenga ochoka pa imelo yanga kupita kwa munthu wa tayi uja, otchula mayina a amuna aja mmodzimmodzi, pansi pake pali dzina langa. Sindinawalembe ine, koma ndani akanandimvera? Ananditenga pamodzi ndi makompyuta anga. Ndinakhala m'chitokosi masabata atatu, ndikugona pa simenti pafupi ndi ndowa yonyeramo, mpaka mlongo wanga anandipezera belo. Ba Daka anabwera kudzandiona atanyamula mabanzi, n'kumati, "Limbani mtima mulamu, Mulungu aona."

Nditatuluka ndinapeza kuti ku kwaya andichotsa. Kumsika ndikafika azimayi ankasiya nkhani pakati. Mkulu wanga wa ku Chililalila anabwera kudzatenga ana, ati akapumuleko kaye. Nyumba itangoti zii ndinayamba kachasu. Ndinayamba ndi katoti kamodzi kogonera, koma pasanathe miyezi iwiri ndinali kasitomala woyamba pa shabini ya kuseri kwa msika, m'mawa, ana a eni ake akupita kusukulu. Ndinagulitsa suti ya malemu, ndinagulitsa mipando. Tsiku lina ndinagwa m'ngalande, chitenje n'kuvuka, anthu akuona. Tsiku la khoti linkayandikira, ine osakonzekera kanthu. Ndinkangoti Mulungu akudziwa kuti sindinabe, ndikatero n'kupapira.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Mwa amuna amene anapita ku Kapiri panali Ba Mwape, munthu wofatsa, katswiri wa magetsi amene mgodi wonse unkamudalira. Kuti apeze ndalama ya ulendo uja anagulitsa bokosi lake la zipangizo. Mkazi wake, Bana Chanda, amagulitsa tomato, ndipo sanagwirepo kompyuta chibadwire. M'mawa wina analowa mu shabini muja, mayi wopemphera amene sanapondepo malo otero. Sanandipatse moni. Anaika envulopu pabenchi, pafupi ndi tambula yanga.

"Belengani," anatero.

Maso anga anali ofiira koma ndinawerenga. Inali kalata yeniyeni, yobwera pa positi, yochokera ku kampani ina kumene ndinawatumizira Ba Mwape mapepala. Inkati tinakulemberani kawiri pa imelo kukuitanani kuti tidzakufunseni mafunso a ntchito, simunayankhe, ndiye malowo tapatsa munthu wina.

"Aya makalata yabili yali kuti?" anandifunsa.

"Sininayaone, Bana Chanda. Nalumbila, siyanafike."

"Yanafika. Muntu anayafafaniza. Nindani ali na kiyi ya bokosi ija?"

"Ine neka."

"Kiyi yake ni chani?"

Ndinaseka, kuseka kwa chidakwa. "Ni chinsinsi. Olo apolisi sininabauze, ninabatsegulila chabe."

Anandiyang'ana, dengu lake la tomato lili m'chiuno. Kenaka anati, "Ni namba ya Ba Lazaro ya ku maini. Faifi, naini, thuu, sikisi."

Mowa wonse unandithawa m'mutu. 

Achinyamata amene simunaone mgodi ukugwira ntchito, ndikufotokozereni. Kumeneko munthu anali nambala. Potenga nyali yopita nayo pansi ankaitana nambala, pamzere wa malipiro nambala, kuchipatala nambala. Amuna ankadziwana manambala kuposa mayina a makolo. Ife akazi awo tinkalemba nambalayo ndi penti pa wilibala, pa ndowa, pa sutikesi, kuti katundu asasokonekere ndi wa oyandikana nawo. Pamaliro a amuna anga anzawo anaitana nambala ija katatu pamanda, monga ankachitira poyamba shifiti, ndipo ine ndemwe ndinalipira mmisiri kuti aizokote pamwala. Chinsinsi changa chinali kumanda, cholembedwa ndi zilembo zazikulu, aliyense wodutsa n'kumawerenga.

"Kabwe yonse iziba namba ija," Bana Chanda anatero. "Ili na pa wilibala yanu panja pa shopu. Ine sininagwilepo kompyuta, koma nayesa kamozi chabe."

Ndinayamba kulira. Sanandigwire paphewa.

"Sininabwele kukumvelani chifundo," anatero. "Amuna anga manje bali ku mulu wa zotayidwa za maini, baswa myala na manja yamene yaziba magetsi. Ngati simunabe, nyamukani mukapeze amene anaba. Ngati munaba, pitilizani kumwa."

Anatenga envulopu yake n'kutuluka. Ndinatsala ndikuyang'ana tambula ija, muli kachasu theka. Chimene chinandigwira pamenepo sichinali chisoni, unali mkwiyo. Ndinakwiya kuti pali munthu amene anatenga nambala ya amuna anga, imene ine ndinkaitayipa m'mawa uliwonse ngati moni kwa iwo, n'kubera nayo anzawo. Ndinakwiyanso kuti pamene ine ndinkagubuduka m'ngalande, iye ankagona tulo tabwino. Ndinathira kachasu uja pansi. Mwini shabini anati bwenzi mutandibwezera. Akuluakulu amati wokutsina khutu ndi mnansi, ndipo mayi uja ananditsina mpaka magazi.

Sindinama kuti zinatha tsiku lomwelo. Ndinanjenjemera masiku atatu, ndipo pambuyo pake ndinagweranso m'kachasu kawiri. Koma Lolemba lotsatira ndinasamba, ndinavala diresi yanga ya ku ofesi, n'kupita kwa Mai Lungu, amene ankaphunzitsa makompyuta pa koleji ina muno. Anandimvera osandidula mawu. Anandiuza chinthu chimene ine, mwini shopu ya intaneti, sindinkachidziwa: uthenga uliwonse wa imelo umasunga tsiku ndi ola limene unatumizidwa, ndiponso umasiya chizindikiro cha kumene unachokera. Tinapita limodzi kupolisi. Anatizunguza, bwerani mawa, bwana kulibe, koma ndinakhala pabenchi pawo tsiku ndi tsiku mpaka anatopa nane n'kutilola kuona.

Mauthenga onse aja anatumizidwa Lachinayi, kuchokera pa malo ena a intaneti ku Lusaka. Lachinayi lililonse ine ndinkakhala mushopu, mboni zake n'kukhala amuna omwewo amene anandiswera windo. Wapolisi anandifunsa kuti, "Mai, ndani wa muno amene amapita ku Lusaka Lachinayi, amadziwa nambala ya amuna anu, ndipo amadziwa amene wafunsira ntchito?" Dzinalo ndinalitchula ndi pakamwa panga, ndipo zinandiwawa kuposa simenti ya m'chitokosi. Ba Daka ankatsegula bokosi langa ali ku Lusaka, kuwerenga mapepala a anzawo, kufafaniza mayankho enieni kuti munthu asapeze ntchito kwina, n'kuikamo abodza. Munthu wa tayi uja anali mphwawo, amene muno sankadziwika. Onse awiri anamangidwa, mlandu wanga n'kutha.

Khoti linanditsuka pa mlandu wakuba, koma pa mlandu wosasamala ndinadziweruza ndekha. Sindinabe, koma anthu anandisungitsa mapepala a moyo wawo, ine n'kuwatsekera ndi loko yomwe kiyi yake inali ndi tauni yonse. Achibale anandilangiza kuti ndipite kumudzi ku Petauke. Ena anati makompyuta si a akazi amasiye, gulitsani zitumbuwa. Ndinati ayi. Apolisi atandibwezera katundu wanga ndinatsegula pamalo omwewo, ndinaika galasi latsopano pa windo lomwelo, ndinakatenga ana anga. Amene ankafuna kundiloza chala anayenera kundiloza ndili pantchito.

Choyamba ndinasintha pasiwedi. Mai Lungu anandiuza kuti isakhale ndi chilichonse cha m'moyo wanga, dzina la mwana ayi, tsiku lobadwa ayi, mudzi wakwathu ayi, ndipo ikhale yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala. Ya imelo ndi ina, yotsegulira kompyuta ndi ina, ndipo ndimazisintha nthawi ndi nthawi. Kompyuta imodzi ndinaikokera kuseri kwa kauntala, ndi yanga ndekha, kasitomala saigwira ngakhale akhale abusa.

Chachikulu chinali kuswa bokosi limodzi lija. Ku mgodi kunali lamulo limene aliyense ankalilemekeza, loti munthu satsikira pansi pa nyali ya mnzake. Ndinati ndi muno momwemo, aliyense akhale ndi imelo yake ndi pasiwedi yake. Apa ndiye panali nkhondo. Woyamba kubwera anali mdala wina wa ku Mpima. Ndinamutsegulira imelo n'kumuuza kuti asankhe mawu achinsinsi. Anayamba kutayipa akutchula mokweza, seveni, wanu. Ndinamugwira dzanja.

"Tate, iyo ni namba yanu ya ku maini."

"Nanga niike chani? Namba ija ndiye ine."

"Ndiye chifukwa chake. Bonse baiziba."

Anakwiya, anatuluka, anabweranso mawa lake atapeza mawu ena. Ambiri ankafuna kundiuza pasiwedi yawo kuti ndiwasungire, ati ife tiiwala. Ndinkakana. Ndinkati lembani papepala mukasunge kumene mumasunga mapepala a nyumba, ine sindikufuna kuidziwa. Munthu akamatayipa pasiwedi yake, ine ndimatembenuka kuyang'ana khoma. Ena amaona ngati mwano kufulatira munthu wamkulu, koma ndimawauza kuti ulemu wa mushopu muno ndi umenewu. Akamaliza sanyamuka pampando asanatseke imelo yake, ndipo ndimaimirira pomwepo mpaka atseke.

Mapepala a anthu sindiwasunganso mu kompyuta. Ndikamaliza kutayipa ndimaika pa disiketi ya mwini wake, n'kufafaniza zotsala iye akuona. Disiketi yochokera kwina siilowa m'makina mwanga isanapimidwe ngati ili ndi vairasi. Benchi imene Ba Daka ankakhalapo ndinaitulutsa panja, ndipo wondifunsa kuti uje watumiza kalata kuti ndimamuyankha kuti kamufunse mwini wake. Kalata ya ntchito ikabwera, timayamba taimbira foni kampaniyo, osati pa nambala yolembedwa m'kalatamo koma imene tapeza tokha m'buku la mafoni. Ndipo ndinalemba pakhoma ndi zilembo zazikulu kuti ntchito imene ikukupempha ndalama usanayambe ndi wakuba.

Inu muli panowa, ndikudziwa kuti ena pasiwedi yanu ndi dzina la mwana wanu woyamba, amene tauni yonse imakuitanirani. Ena munaimata pakapepala pansi pa kiyibodi. Ena munauza wachibale chifukwa munachita manyazi kumukaniza. Musandiyang'ane choncho, ine ndinali wochenjera kuposa inu. Mukatuluka muno kasintheni lero lomwe, musadikire kuti mukaphunzirire kumene ndinaphunzirira ine.

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, koma mtima wanga unali pa munthu mmodzi. Ba Mwape sanabwere. Ndinkawaona madzulo akuchokera ku mulu kuja, mbuu ndi fumbi, akudutsa tsidya lina la msewu. Ntchito yawo yeniyeni inafera m'bokosi langa, ndipo panalibe khoti limene likanawabwezera. Ndinkadziuza kuti tsiku limene munthu ameneyu adzandipatsenso mapepala ake ndi limene ndidzakhulupirire kuti ndadzuka.

Panapita miyezi yambiri. M'mawa wina ndinaona mthunzi pakhomo. Anali iwo, pulasitiki ya mapepala ili m'khwapa, zala zong'ambikang'ambika. Sanalowe msanga.

"Namva ati masiku yano na imwe simuziba vili mukati," anatero.

"Ni zoona, Ba Mwape."

"Ndiye nilembeleni."

Ndinawatayipira kalata. Ndinawatsegulira imelo yawo n'kutembenukira kukhoma. Kumbuyo kwanga ndinkamva chala chimodzi chikugogoda, pang'onopang'ono, nthawi yaitali ndithu. Kuyambira pamenepo ankabwera Lolemba lililonse, kutsegula okha, kuwerenga okha, kutseka, n'kumapita. Sitinkacheza.

Lolemba lina anakhalitsa pampando paja. Kenaka anati akufuna kusindikiza. Ndinawaonetsa podina, ndinatembenukanso. Pulinta inalira, anatenga pepala lawo okha, analipinda kanayi, anaika m'thumba la malaya n'kutuluka. Mtima unandiyabwa kufuna kudziwa, ndipo mwini shopu amene amadziwa makina ake sasowa njira yosuzumira. Koma ndinadzigwira, sindinasuzumire.

Patatha sabata Bana Chanda anadutsa ndi dengu lawo pamutu. Anaima pakhomo, nthawi yoyamba chichokereni ku shabini kuja.

"Bakwela basi lelo m'mawa," anatero. "Bayamba nchito pa Mande."

Anatsitsa dengu, anasankha tomato anayi akuluakulu, anawaika pa kauntala yanga n'kupitiriza ulendo. Ndinatseka chitseko n'kulira ngati mwana.

Mpaka lero sindikudziwa kuti ndi kampani iti, kapena kalatayo inati chiyani. Inafika mushopu mwanga, inatuluka m'pulinta yanga, inakafika m'manja mwa mwini wake popanda wina kuiwerenga, ngakhale ine. Pa makalata onse amene ndatayipa ndi kusindikiza moyo wanga wonse, imene ndimanyadira ndi imeneyo. Umboni wanga wathera pamenepa, ndipo ndaunena maso anga ali pa inu.